Mmene ndinadziwira mtundu wa tizidutswa ta pulasitiki ta m'dimba la amayi ku Mchinji

Dothi lake ndinatapa m'dimba la amayi cha kufupi ndi Bua, paja madzi amasiya zinyalala mvula ikagwa. Amayi anangondiyang'ana nkuti, "Mwanawe, kusukulu kwanuko kulibe dothi?" Ndinawauza kuti ndikusaka tizidutswa ta pulasitiki tosakwana mamilimita 5, tija amati microplastics, ndidziwe komwe tikuchokera poti mpiru umene timadyawu umamera momwemo.

Ndinaliyanika, kulisefa, kenako kulithira m'madzi omwe ndinaikamo mchere mpaka wina kukana kusungunuka. Madzi otere kulemera kwake kumafika pa 1.2 g/cm³ ndiye mapulasitiki opepuka, polyethylene ndi polypropylene, amayandama. Koma PET ya mabotolo ndi PVC ya mapaipi zili cha m'ma 1.4, zimamira ndi mchenga, pamenepo pamafunika zinc chloride, mankhwala olemeretsa madzi kuposa mchere, ndipo ine ndinalibe, ndiye zimenezo zambiri zinandidutsa. Zoyandamazo ndinaviika mu hydrogen peroxide wa 30% kuti adye timizu ndi timasamba. Zonse m'mabotolo agalasi, malaya a thonje, chifukwa juzi ya polyester imagwetsera ulusi wake mu sampulo osaona nkomwe.

Makina a FTIR, odziwira mtundu wa pulasitiki pogwiritsa ntchito kuwala, ndinakawapeza ku labu ina ku Lilongwe. Ali ndi kadayamondi kakang'ono pamwamba, amati ATR, umaika kachidutswa pamenepo ndi kopanira nkukatsindikiza. Kuwala kwa infrared, kosaoneka ndi maso, kumagunda pulasitikiyo, iyo imamwako kwina malingana ndi mmene maatomu ake agwiranirana, pa kompyuta pamatuluka mzere wa timapiri kuyambira 4000 mpaka 400 cm⁻¹, ndipo malo amene timapirito taima pa manambalawa ndi amene amaonetsa mtundu wa pulasitiki. Usanaike kanthu umapukuta kadayamondiko ndi ethanol nkuyeza mpweya wokha kaye, apo ayi CO2 wa mpweya wako womwe amadzatumphuka pa 2350.

Kachidutswa koyamba kanali koyera, kompyuta ikuti nylon. Ndinasangalala zedi, mumtima ndikuti ndi ukonde kapena chingwe. Bambo oyang'anira labu anasuzumira nkuti, "Achimwene, mwaumitsa zimenezi?" Ayi ndithu ndinali ndisanaumitse bwino. Madzi amapanga chiphiri chotambalala cha pa 3300 ndi china pa 1640, pafupi penipeni ndi pomwe nylon amaonekera, koma nylon weniweni amakhalanso ndi kena kooneka bwino cha pa 1540 ndipo pamzere wanga panalibe. Tsiku lonselo linapita, thiransipoti yapita, masampulo tinawasiya mu uvuni wofunda pang'ono mpaka mawa lake.

Atauma kachidutswa komweko kanaonetsa timapiri tiwiri tosongoka pa 2915 ndi 2848, kena cha pa 1470, kena cha pa 720. Polyethylene yeniyeni, ya majumbo ndi timachubu takuda tofesera mitengo. Timizere toyera tophwatalala tomwe ndinkati ndi udzu tinaonetsa 2950, 1455 ndi kena kotalika pa 1377, polypropylene, ndipo pompo ndinaona m'maganizo masaka a feteleza amene amayi amatchingira nazale ya tomato, dzuwa likawamenya miyezi ingapo amangoyoyoka ngati ufa. Ulusi wina wabuluu womwe ndinkalumbira kuti ndi pulasitiki unatuluka ndi chiphiri chachikulu cha pa 1030, thonje basi.

Pomwe panandizunguza mutu ndi pa 1715. PET imaonekera pamenepo, komanso polyethylene yopsa ndi dzuwa imamera kaphiri pamalo omwewo chifukwa yagwirana ndi okosijeni. Umasiyanitsa poyang'ana 1240 ndi 1095, pa PET zimakhala zazitali, pa jumbo yokalamba palibe. Nchifukwa chake namba ya kompyuta ija yoti zafanana ndi maperesenti angati ine sindiikhulupirira payokha, ambiri amalandira kuyambira 70% koma mzerewo uuwerenge ndi maso ako. Tizidutswa takuda bii timavutanso, kaboni wake amamwa kuwala mzere nkupendekera, tina ndinangolemba kuti tosadziwika.

Zimandiwawa kuti majumbo opyapyala osakwana ma micron 60 (mamilimita 0.06) kukhuthala kwake analetsedwa mu 2015 koma ndi omwe ndinkangowatola m'dothi la amayi. Nditabwerera ndinawaonetsa mapepala a mizere aja, sanawaone kawiri, anangofunsa kuti nanga nazale atchinge ndi chani. Loweruka tinapita kukamweta udzu kudambo.