Loweruka la Shawelo Yoyera ndi Mabokosi a Ulusi

Loweruka, mwezi wa June, ku Chilenje.

Kunacha kozizira kwambiri lero, monga momwe kumakhalira muno mu Lusaka mwezi uno, koma kumwamba kunali koyera popanda mtambo, ndipo mpweya unali wouma bwino, choncho ndinaganiza zotambasula shawelo imene ndinamaliza kuluka mkati mwa sabata. Ndi ya mwana wamkazi wa achimwene anga amene akukwatiwa mwezi wamawa, ndipo anandipempha yekha kuti, monga azakhali ake, ndimulukire chofunda pamapewa madzulo a tsiku laukwati, pakuti mphepo ya July siisamala kuti munthu wavala diresi la mtengo wotani.

Munthu amene sanalukepo lesi, nsalu yopyapyala ya timabowo topanga maluwa, akaona shawelo itangochoka pa singano amakhumudwa, chifukwa imakhala yaing'ono, yokhwinyata, maluwa ake osaoneka, ngati mfutso wa nkhwani usanalowe m'madzi. Kukongola kwake konse kumatuluka pa ntchito imene ndinagwira lero. Ndinathira madzi ofunda pang'ono m'beseni, ndinadonthezamo sopo wamadzi wochepa, kenako ndinamiza shawelo n'kuisiya mphindi ngati 30 kuti madzi alowe mpaka mkati mwa ulusi. Ubweya wa nkhosa sufuna kupikichidwa kapena kupotokoledwa, ndiponso sufuna kuchoka m'madzi otentha n'kulowa m'madzi ozizira mwadzidzidzi, chifukwa tsitsi lake lililonse lili ndi timamba ting'onoting'ono timene timakolana tikasokonezedwa, ndipo tikakolana palibenso chimene munthu angachite kuti timasuke. Nditaivuula ndinaikulunga mu thaulo lalikulu n'kupondaponda pang'onopang'ono kuti madzi atsalire m'thaulomo.

Ndinayala bulangete loyera bwino pa matiresi a m'chipinda cha alendo. M'mphepete mowongoka mwa shawelo, mbali imene imakhala m'khosi, ndinali nditapisamo kale ulusi wolimba wa thonje, ndipo ndinaukoka mbali zonse ziwiri mpaka unachita ndi, n'kuumangirira ku mapini. Anzathu a kunja amagwiritsa ntchito timawaya topangidwira ntchito imeneyi, koma ulusi wa thonje umagwira chimodzimodzi ngati munthu waukunga mokwanira. Kenako ndinayamba kukoka nsonga za m'mphepete imodziimodzi, kuyambira yapakati, ndikusinthana kumanja ndi kumanzere, tepi yoyezera ili m'khosi, kuti mbali imodzi isatalike kuposa inzake. Mapini ayenera kukhala osachita dzimbiri, makamaka pa ulusi woyera, pakuti kadontho ka dzimbiri pa ubweya sikachoka. Mawondo anandiwawa ndithu, koma pamene pini yomaliza inalowa, masamba ndi timaluwa tonse tinaonekera bwinobwino, bowo lililonse lili pamalo pake, ndipo shawelo inakula kwambiri moti inatsala pang'ono kusefukira m'mbali mwa matiresi.

Ndili mkati mwa ntchitoyi panafika mtsikana wa kutchalitchi kwathu amene ndikumuphunzitsa kuluka. Anaima pakhomo la chipinda nthawi yaitali asananene kanthu, kenako anafunsa kuti, "Amayi, kodi mabowo onsewa mumawaboola ndi chiyani?" Ndinamuuza kuti, "Mwanangu, palibe chimene chabooledwa apa, bowo lililonse lalukidwa." Ndinatenga singano n'kumuonetsa kuti bowo limabadwa munthu akakoloweka ulusi pa singano popanda kuupisa mu sitichi, ndipo popeza kutero kumawonjezera sitichi imodzi, pafupi pomwepo amaluka masitichi awiri pamodzi kuti chiwerengero chisasinthe. Masitichi awiriwo akapendekera kumanja kapena kumanzere ndiye kuti mtsempha wa tsamba wapendekeranso komweko. Luso lonse la lesi lagona pa zinthu ziwirizi, kuwonjezera ndi kuchotsera, ndipo chotsala ndicho kuwerenga mosatopa ndi kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anagwira timapundu tating'ono timene tandandalika m'maluwa n'kufunsa dzina lake. Timeneti timatchedwa nupp, ndipo kwawo ndi ku Haapsalu, tauni ya m'mbali mwa nyanja m'dziko la Estonia, kumene amayi anayamba kulukira mashawelo alendo obwera kudzasamba matope ochiritsa m'zaka za m'ma 1800. Kapundu kamodzi kamapangidwa potulutsa masitichi 5, 7 kapena 9 mu sitichi imodzi, n'kudzawaluka onse pamodzi pa mzere wobwerera, ndipo munthu akawamanga kwambiri singano imakana kulowa. Ndinamufotokozeranso za zilumba za Shetland, kumpoto kwa Scotland, makamaka chilumba cha Unst, kumene amayi ankazula ndi manja ubweya wofewa wa m'khosi mwa nkhosa, n'kuupota wopyapyala kwambiri moti shawelo yathunthu inkadutsa mu mphete yaukwati, komanso za ku Orenburg m'dziko la Russia kumene amaluka ndi ubweya wamkati wa mbuzi wosakaniza ndi silika. Chimene chimandikhudza pa mbiri zonsezi n'chakuti oluka ake sanali anthu olemera. Anali amayi a m'midzi yozizira amene ankaluka kuti apeze ndalama zogulira zofunika pakhomo, monga momwe amayi ambiri muno amalukira majuzi a ana asukulu ndi tizipewa ta makanda.

Pamene shawelo inali kuuma, ndinatulutsa mabokosi a ulusi kuti ndiwayendere, ntchito imene ndimaichita nyengo iliyonse ikasintha. Abambo a kunyumba kuno amafunsa kawirikawiri chifukwa chake ulusi ukuchulukirachulukira pamene manja oluka ndi awiri okha, ndipo funsolo n'lomveka, koma yankho lake lilipo. M'masitolo a ku Kamwala ulusi umene umapezeka nthawi zonse ndi wa acrylic, wopangidwa ku fakitale osati wochokera ku nkhosa, wonenepa, woyenera majuzi ndi mabulangete a ana, ndipo pa ntchito imeneyo ndi wabwino, chifukwa umachapika mosavuta ndipo njenjete siziudya. Koma lesi imafuna ulusi wopyapyala, wa mamita pafupifupi 800 pa magalamu 100, pamene ulusi wa masokosi umakhala ndi mamita ngati 400 pa kulemera komweko, ndipo imafunanso ubweya weniweni umene umasunga maonekedwe ake ukauma utatambasulidwa. Acrylic amabwerera mwakale mukangochotsa mapini, pokhapokha mutamufukiza ndi nthunzi ya simbi, ndipo akatero amalefuka osadzukanso. Ulusi woyenera umaoneka mwa apo ndi apo, choncho munthu akaupeza amagula wokwanira shawelo yonse tsiku lomwelo, podziwa kuti sabata yamawa sadzaupeza. Ngakhale ataupeza, nambala ya utoto imene imalembedwa pa pepala lokulungira idzakhala ina, ndipo mipukutu iwiri ya mtundu umodzi koma yonyikidwa nthawi zosiyana imasiya mzere woonekera pakati pa nsalu.

Gawo lina la ulusi wanga linabwera ndi alamu anga amene amapitapita ku Johannesburg pa malonda awo. Iwo saluka, koma anaphunzira kuwerenga pepala lokulungira, ndipo amandibweretsera merino, ubweya wofewa wa nkhosa, ndi mohair, ubweya wa mbuzi. Dziko la South Africa limatulutsa pafupifupi theka la mohair yense wa padziko lapansi, kuchokera ku mbuzi za mtundu wa Angora zimene zimawetedwa m'chigawo chouma cha Karoo, choncho n'zosadabwitsa kuti kumeneko amapezeka mosavuta kusiyana ndi kuno. Mphatso yotere munthu sangaikane, ndipo sindifuna kuikana.

Komabe ndikukhulupirira kuti kukhala ndi ulusi wambiri kumabwera ndi udindo, chifukwa ubweya ndi chinthu chimene chimawonongeka chikangosiyidwa. Mdani wake wamkulu ndi njenjete, ndipo imene imadya si imene timaiona ikuuluka, pakuti imeneyo sidya kanthu. Zimene zimadya ndi mphutsi zake, zimene zimakonda mdima, bata, ndi ubweya wokhala ndi thukuta kapena mafuta. N'chifukwa chake ndimatulutsa mpukutu uliwonse, kuugwedeza pa nsalu yoyera, ndi kuyang'ana ngati pakugwa timchenga kapena ngati ulusi waduka pamalo pamene sunayenere kuduka. Lero mpukutu umodzi wofiirira unali ndi zizindikiro zimenezi, ndipo ndinaupatula nthawi yomweyo pamodzi ndi anzake a m'thumba limodzi. Kuzizira kwa firiji yowumitsa, kofika pa madigiri 18 pansi pa ziro kwa masiku angapo, kumapha mphutsi, koma magetsi akamazimazima njira imeneyi siidalirika, choncho ndinaumasula, kuuchapa, ndipo ndidzaumanga m'pulasitiki wakuda kuti udzapse ndi dzuwa la October. Nyengo yamvula ikayandikira vuto limakhala chinyontho, ndipo sinditsekera ulusi m'thumba pokhapokha utauma gwaa, kuopa nkhungu.

Ndili ndi kabuku kamene ndimalembamo mpukutu uliwonse, mtundu wa ubweya, kulemera kwake, mamita ake, ndi kumene unachokera, ndipo kumapeto kwa mzere ndimalemba munthu kapena ntchito imene ulusiwo ukudikira. Mzere womalizawu ndiwo wofunika kwambiri kwa ine. Ulusi umene wakhala nyengo zingapo wopanda dzina pambali pake ndimaudziwa kuti si wanga, ndipo lero ndinasonkhanitsa acrylic yense wotere, pamodzi ndi zotsalira za majuzi akale, kuti ndikapereke kwa amayi a chigwirizano amene akuluka tizipewa ndi timasokosi ta makanda obadwa masiku asanakwane. Mtsikana uja ndinamupatsa mipukutu iwiri ya thonje lopyapyala kuti aphunzirirepo, popeza thonje limaonetsa sitichi iliyonse poyera ndipo silikolana munthu akamamasula kuti ayambirenso.

Titadya nsima masana tinakhala pakhonde padzuwa n'kuyamba kumasula juzi yotuwa imene ndinagula pa salaula ku Soweto Market. Iyi ndiyo njira imene yandipatsa ubweya wabwino kwambiri pa mtengo wotsika, ndipo ndimafuna kuti oluka ambiri aidziwe. Posankha, ndimayamba ndawerenga kansalu ka m'khosi kapena ka m'mbali kuti ndione ngati palembedwa merino, lambswool kapena cashmere, mayina a ubweya weniweni wofewa, kenako ndimatembenuza juzi kuti ndione msoko. Msoko ukakhala wodulidwa ndi kusokedwa ndi makina ophimba m'mphepete, juziyo ndimaisiya, chifukwa mzere uliwonse unadulidwa ndipo pomasula pamangotuluka tizidutswa. Ukakhala wolumikizidwa ndi ulusi woyenda ngati tcheni, ndimadziwa kuti chigawo chilichonse chidzamasuka ngati ulusi umodzi wautali. Kansalu kakachoka, moto umanena zoona: kachidutswa ka ubweya kamanunkha tsitsi lopsa ndipo kamasiya phulusa lofumbutuka pakati pa zala, pamene acrylic amasungunuka n'kusanduka kamkanda kolimba.

Mtsikanayo ankakoka ulusi, ine ndikuukulunga kumsana kwa mpando, ndipo unkatuluka wopiringizika chifukwa cha zaka zimene unakhala uli wolukidwa. Tinaumanga malo anayi kuti usasokonekere, tinauviika, n'kuupachika pamthunzi kuti uwongoke. Majuzi olukidwa ndi makina amakhala ndi ulusi wopyapyala kale, ndiye ambiri amayenera lesi popanda kuwachita china chilichonse. Asananyamuke ndinamuonetsanso mmene amapisira ulusi wa mtundu wina m'masitichi onse a mzere umodzi akamaliza chigawo cha maluwa, kuti akadzasokoneza kutsogolo adzamasule n'kuima pa ulusi umenewo, m'malo mogwetsa ntchito yonse, pakuti masitichi a lesi akathawa pa singano kuwatola n'kovuta kwambiri.

Dzuwa litapendeka ndinakhudza shawelo ndipo inali itauma. Ndinachotsa mapini onse n'kusolola ulusi wa thonje uja, ndipo nsonga zake zinakhala zili njo monga ndinaziikira. Ndinasokerera michira iwiri ya ulusi imene ndimaisiya dala mpaka kutambasula kutatha, kenako ndinaipinda ndi pepala lofewa pakati, ndipo ndalembera mkwatibwi kapepala komuuza kuti asadzaiponye m'makina ochapira kapena kuipachika pa chingwe ili yonyowa.

Madzulo ndinayeza ulusi wotuwa wa manja a juzi, umene unauma msanga. Ndinawerenga mamita 50 n'kuwaika pa sikelo ya kukhitchini, ndipo analemera magalamu 7, kutanthauza mamita opitirira pang'ono 700 pa magalamu 100. Kuyeza kotere n'kofunika chifukwa shawelo ya makona atatu yoyambira m'khosi imawonjezera masitichi anayi pa mizere iwiri iliyonse, choncho munthu akafika theka la mizere amakhala atangodya gawo limodzi mwa magawo anayi a ulusi, ndipo gawo lomaliza mwa magawo anayi a mizere limameza pafupifupi theka la ulusi wonse. Oluka ambiri ulusi umawathera pa mphepete chifukwa chosadziwa zimenezi. Wa thupi la juzi ukauma mawa ndidzauyeza tikachokera kutchalitchi, koma wa manja okha wakwana magalamu 90, ndipo izi zikuonetsa kuti wonse pamodzi udzakwanira shawelo yaikulu ndi mphepete yotambalala. Ndaulemba m'kabuku, ndipo pa mzere womaliza ndalembapo apongozi anga aku Katete, amene amadandaula za mphepo ya m'mapewa akamapita ku mapemphero a m'mamawa.