Tiana ta kalulu wanga wotuwa tayamba kutuluka m'chisa

Tiana tija tafika sabata yachitatu, ndipo tayamba kutuluka m'chisa n'kumalawa madeya m'mbale ya make. Ndikatinyamula tikulemera bwino, ubweya uli see. Ndine wokondwa kwambiri.

Chimene ndikuchiona m'khola mwangamu n'chakuti kamwana ka kalulu kamakula ndi zimene make wadya. Masiku 18 kapena 20 oyamba sikadya china chilichonse koma mkaka, ndipo make amayamwitsa kamodzi kokha pa tsiku, mphindi zitatu kapena zinayi basi. Mkaka ukachepa pa nthawi imeneyo, kamwanako kadikira mpaka mawa. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse ndimayang'ana timimba: kokhuta kamakhala ndi mimba yozungulira, kanjala khungu limachita makwinya.

Kalulu ameneyu ndinayamba kumuwonjezera chakudya ali ndi bere, makamaka chakumapeto kwa masiku 31 a berelo. Madeya a kuchigayo okha amakhutitsa, koma alibe zomanga thupi zokwanira kalulu woyamwitsa. Ndiye ndimasakanizamo soya wokazinga n'kusinja, ndi kamchere pang'ono. Soya kuno ku Angonia sasowa, ngakhale pamsika wa Ulongwe amapezeka, koma osam'patsa wamuwisi chifukwa savuta kusokoneza kagayidwe ka chakudya m'mimba. Pamwamba pake ndimaika kholowa wa kudimba, chisoso ndi masangwi a mtedza amene ndinasunga pokolola. Zamasamba ndimayamba ndazifotetsa pamthunzi. Masamba a mbatata ya kachewere, ngakhale ali mbwee m'madimba mwathu muno, sindiyerekeza n'komwe, ali ndi poizoni.

Madzi ndiye nkhani imene timatsutsana ndi amalume. Iwo amati kalulu samwa madzi, amakhuta a m'masamba. Ndimawauza kuti, "Amalume, bwerani madzulo mudzaone mbale yake." Chiswereni amamwa kuposa kale, ndipo mkaka ungachoke kuti popanda madzi? Akalulu awo amaswa bwinobwino, koma ana amakula mokwinimbira, ena n'kufera m'chisa, makamaka kuzizira kwa Juni ndi Julaye kuno kumapiri. Zimandimvetsa chisoni.

Sabata yachitatu ino ndiyo nthawi imene mkaka umachuluka kwambiri, kenako uyamba kuchepa, choncho chakudya cha make sindichepetsa. Ndiziwonjezera udzu wouma kuti tiana tizolowere pang'onopang'ono osatsegula m'mimba. Kutisiyitsa kuyamwa ndidikira tikwanitse masabata 6.