Tsiku lathera pa a Miyazaki

Loweruka.

Mphwanga wagona kuno, ndipo chimene chandidzutsa m'mawa ndi phokoso la mabatani. Ndamupeza atakhala pansi, pad yosewerera gemu ili m'manja, akulimbana ndi Margit, boss kapena kuti mdani wamkulu uja amatseka njira yopita ku Stormveil Castle mu gemu ya Elden Ring. Amene munasewerapo mukumudziwa mkuluyu. Amakweza ndodo m'mwamba n'kuigwira pompo, osaitsitsa. Iwe mtima uli phaphapha umadina msanga batani lozembera, ndipo pamene ukudzuka ndi pamene ndodo ikutera pamutu pako. Sikirini imada, zilembo zofiira zija n'kutuluka.

Atafanso anaika pad pansi n'kunena kuti, "Achimwene, amene anapanga gemu iyi ndi wankhanza. Amadana ndi anthu."

Ndinamuuza kuti munthuyo ali ndi dzina, ndi a Hidetaka Miyazaki a ku Japan, ndipo ine ndikayang'ana ntchito yawo sindiona nkhanza. Anati ndimuuze chimene ndimaona. Tsiku lonse lathera pamenepo, tikusewera, tikukangana, ine ndikumufotokozera zimene ndakhala ndikuwerenga za bamboyu.

A Miyazaki anabadwa mu 1974 ku Shizuoka. Iwo eni amanena kuti anakulira m'banja losauka kwambiri, moti makolo sankatha kuwagulira mabuku. Ankabwereka ku laibulale, ndipo kawirikawiri ankanyamula mabuku oposa msinkhu wawo. Akafika pamene mawu awakanika, ankayang'ana zithunzi n'kudzaza okha m'mutu zimene sanamve. Magemu a pa kompyuta sankaloledwa kusewera mpaka atapita ku yunivesite. Amene ankasewera ndi a pa tebulo ndi a m'mabuku, aja umawerenga ndime kenako n'kusankha wekha tsamba loti upiteko.

Ndinauza mphwanga kuti atsegule thumba la munthu wake mu gemumo, awerenge mawu olembedwa pansi pa lupanga lililonse kapena chithumwa chilichonse. Ndi timizere tiwiri kapena titatu basi. Tikutchula mfumu imene sunaionepo, nkhondo imene palibe wakuuza, mzinda umene unagwa kalekale. Nkhani yonse palibe amene adzakukhazike pansi kukufotokozera. Umatola pano, umatola apo, pakatipo n'kudzaza wekha. Ndi mmene kamnyamata ka ku Shizuoka kaja kankawerengera, ndipo atakula anapatsa anthu mamiliyoni kawerengedwe komweko. Ine ndimakhulupirira kuti ntchito yawo yonse yagona pamenepa, podziwa malo oyenera kusiya mpata.

Anaphunzira za kakhalidwe ka anthu pa Keio University, kenako analowa ntchito ku Oracle, kampani ya ku America ya mapulogalamu a kompyuta, komwe ankayang'anira makasitomala. China chimene anatengera ntchitoyo chinali choti alipirire mchemwali wawo wamng'ono ku koleji. Mnzawo wina ndiye anawauza kuti ayese Ico, gemu ya a Fumito Ueda imene inatuluka mu 2001. Mu gemuyo mnyamata wa nyanga amagwira dzanja la mtsikana kuti atuluke naye m'linga lalikulu, ndipo mawu olankhulidwa ndi ochepa kwambiri. Atasewera, mtima unachoka pa ntchito yawo. Koma anali ndi zaka 29, alibe gemu ngakhale imodzi imene anapangapo, ndiye makampani ambiri sanawalabadire. FromSoftware ya ku Tokyo ndi imene inawatenga mu 2004, pa malipiro otsika kwambiri poyerekeza ndi amene anasiya. Ndikhulupirira analipo amene anati munthuyu wataya bomwetamweta.

Anayamba ndi magemu a maloboti omenyana. Anathandiza kukonza Armored Core: Last Raven, kenako anatsogolera Armored Core 4 mu 2006 ndi For Answer mu 2008. Nthawi yomweyo m'kampanimo munali ntchito ina imene inali itasokonekera, gemu ya malupanga ndi ziwanda imene aliyense ankaiona ngati yalephera kale. A Miyazaki anaipempha. Anadzafotokoza pambuyo pake kuti ankadziwa kuti akaitenga adzatha kusintha chilichonse chimene afuna, ndipo maganizo awo akakanika palibe adzadandaule, poti inali yakufa kale. Gemuyo ndi Demon's Souls.

Apa mphwanga anatchera khutu, chifukwa ankayembekeza kuti ndinena kuti itatuluka anthu anaimbirira m'manja. Ayi ndithu. Ku Tokyo Game Show, chionetsero cha magemu cha ku Japan, anthu sanaikonde. Itatuluka ku Japan mu February 2009, mlungu woyamba inagulidwa makope ochepa chabe. Sony, imene inaitulutsa ku Japan, sinafune kuitulutsa ku America ndi ku Ulaya, ndipo ku North America anaitenga ndi a kampani ina ya Atlus. A Shuhei Yoshida, amene ankatsogolera masitudiyo a PlayStation, anadzavomera poyera kuti ataiyesa koyamba anaiona ngati gemu yoipa kwambiri, ndiponso kuti kuisiya kunali kulakwitsa. Chimene chinaipulumutsa ndi osewera kuuzana okhaokha. Magemu ena a a Miyazaki anatsatira: mu 2011 inabwera Dark Souls, mu 2015 Bloodborne, mu 2016 Dark Souls III, mu 2019 Sekiro. Sekiro ndi Elden Ring zonse zinapata mphoto ya gemu ya chaka ku The Game Awards.

Chakumasana ndinamuuza kuti amusiye kaye Margit, akwere hatchi apite kwina. Sanafune, ankati kumeneko n'kuthawa. Koma dziko la mu gemuyi analikonza dala kuti ukakanika pakhomo pena uzikhotera kwina, ukakule, ubwerere. Tinalowera kum'mawa, m'nkhalango ya Mistwood, n'kupeza kanyumba kozungulira kokhala ndi chikepe pakati. Anapondapo. Chikepe chinayamba kutsika, kutsika, osaima, mpaka iye anandiyang'ana ngati akufunsa ngati makina awonongeka. Kenako makoma anatha, ndipo pansi pa nthaka panatseguka dera lalikulu la Siofra River, denga lake likuthwanima ngati thambo la nyenyezi. Panalibe muvi womulozera kumeneko, panalibe mawu pa sikirini omuuza kuti apite. Pali munthu amene anasankha kuti malo odya ndalama ndi miyezi yochuluka chonchi abisike kuseri kwa kachitseko kamene wosewera akhoza kukadutsa osakaona. Kusankha kotere n'kumene dayilekitala amalipidwira.

Mphwanga ankaganiza kuti dayilekitala ndi amene amadziwa kulemba mapulogalamu kuposa onse. Sizili choncho. Gemu yaikulu imapangidwa ndi anthu mazana, ena ojambula, ena olemba mapulogalamu, ena opeka nyimbo, ena opatsa zilombo kayendedwe, ena ongoyesa tsiku lonse kufufuza zolakwika. Aliyense amadziwa mbali yake kuposa dayilekitala. Iye ali ngati wotsogolera kwaya, sangaimbe mawu onse, koma ndi amene amamva kuti wina wasemphana ndi nyimbo ngakhale akuimba mokoma.

Chitsanzo chimene ndimachikonda n'cha chinjoka chakufa cha mu Dark Souls. Wojambula wina wa m'kampanimo, a Masanori Waragai, anafotokoza kuti atachijambula koyamba anachipanga chonyansa, chowola, chodzaza mphutsi. A Miyazaki anachibweza. Anati chilibe ulemu, asadalire kunyansa, koma aonetse chisoni cha chilombo chimene kale chinali chaulemerero ndipo tsopano chikungowonongeka pang'onopang'ono osaona mapeto. Taganizani, chilombo chimene wosewera angochibaya n'kudutsa, munthu akuchifunira ulemu. Wodana ndi anthu sangakhale ndi diso lotere.

Ali ndi zizolowezi zawonso. Madambo a poizoni, aja umalowamo moyo n'kumachepa pang'onopang'ono miyendo itamira m'matope, sasowa m'magemu awo. Atafunsidwa anavomera kuti amadziwa mmene osewera amawadera, koma akayamba kukonza dziko amangozindikira akupanganso dambo lina. Ine madambowo sindiwakonda ngakhale pang'ono, koma ndimasangalala kuti ukalowamo umadziwa dzanja limene linawapanga. Magemu ambiri aakulu masiku ano sungadziwe kuti anachokera m'mutu mwa ndani.

Titabwerera ku Stormveil ndinamuonetsa zilembo zagolide zimene zinaoneka pansi, chizindikiro choti wosewera wina kwinakwake padziko lapansi akudikira kuitanidwa. Anamuitana. Anatulukira munthu wa chipewa chachikulu, ndodo ya matsenga ili m'manja, n'kuwerama kupereka moni. Mphwanga anafufuza batani, nayenso anawerama. Analowa limodzi. Mlendoyo ankakoka Margit kuti amuthamangire iye, mphwanga n'kumabaya kumsana. Margit atagwa, mlendoyo anakweza dzanja n'kuzimiririka. Mphwanga anafunsa kuti amuthokoza bwanji, ine ndinati basi, wapita.

Ndi pamene ndinamuuza nkhani ya chipale chofewa. A Miyazaki ananena kuti tsiku lina chipale chinagwa mwadzidzidzi ali pa galimoto pa chitunda, magalimoto n'kuyamba kuterereka. Galimoto ya kumbuyo inakankha ya kutsogolo kwake mpaka inakwera, ina inakankha imeneyo, ndipo iwonso anakankhidwa ndi munthu amene sankamudziwa. Sakanatha kuima kuti athokoze, chifukwa akanaima akanatitimiranso. Ali m'njira anayamba kuganiza za munthu womaliza uja, ngati anafika kwawo, ndiponso kuti mwina akanakumana kwina akanakhala mabwenzi kapena akanakangana. Pamenepo ndi pamene panachokera kathandizidwe ka m'magemu awo, ka anthu osadziwana okumana kanthawi kochepa n'kusiyana. Mauthenga amene osewera amasiya pansi kuchenjeza za msampha, ndi madontho a magazi amene ukawakhudza umaona mmene mnzako anafera, zonsezi zimakuuza kuti suli wekha pa chitundacho.

Pa nkhani yoti magemuwa akhale ndi njira yosavuta sitinagwirizane. Mkanganowu ndi wakale, ndipo unakula kwambiri Sekiro itatuluka. A Miyazaki amati amafuna aliyense akumane ndi khoma lomwelo kuti chisangalalo choligonjetsa chikhale chimodzi. Ananenaponso kuti amawamvera chisoni amene amaona kuti zawachulukira, ndiponso kuti iwo eni si katswiri, amafa kwambiri ndipo amagwiritsa ntchito thandizo lililonse limene gemu imapereka. Ine ndimagwirizana nawo pa zambiri. Margit akanakhala wofewa, kukuwa kumene mphwanga anakuwa lero sikukanamveka. Koma mphwanga anatchula munthu amene manja ake sagwira bwino, amene ngakhale ayesere chaka chathunthu zala sizingathamange choncho, ndipo apa ndili mbali yake. Kuitana mnzako ndi kuitana mizimu yothandiza kumachepetsa vuto, koma sikuthetsa lonse. Kampani ya anthu aluso chonchi ingathe kupeza njira yotsegulira anthu amenewa khomo popanda kuwononga chimene ikuteteza, ndipo ndikufuna itatero.

Chinthu china chimene chimandidabwitsa n'choti mu 2014, patangotha zaka 10 chilowereni m'kampanimo ngati wophunzira ntchito, a Miyazaki anakhala pulezidenti wa FromSoftware, chaka chomwe kampani ina ya ku Japan, Kadokawa, inagula FromSoftware. Ambiri akafika pa mpando wotere amasiya kupanga zinthu, tsiku lawo limangokhala la misonkhano. Iwo anapitiriza kutsogolera magemu. Pa Elden Ring anapempha mlembi wa ku America, a George R. R. Martin, kuti alembe mbiri yakale ya dzikolo, mafumu ake ndi mabanja ake, kenako iwo n'kuitenga mbiriyo kuiphwanya, kuti wosewera azipeza zidutswa zokha. Gemuyo inatuluka mu February 2022, ndipo pasanathe milungu itatu inali itagulidwa makope 12 miliyoni. Mu 2023 magazini ya Time inawaika pa mndandanda wa anthu 100 amphamvu padziko lapansi. Wopanga magemu amene anawatsogolera pa mndandandawo ndi a Shigeru Miyamoto a ku Nintendo mu 2007.

Mu 2024, makampani ambiri a magemu akuchotsa anthu ntchito mwaunyinji, iwo ananena kuti malinga kampaniyo ili m'manja mwawo sangalole zotere, poti munthu wamantha sangapange chinthu chabwino. Chaka chomwecho FromSoftware inalengeza kuti ikweza malipiro, ndipo olowa kumene kuchokera ku yunivesite azilandira mayeni (ndalama za ku Japan) 300,000 pamwezi m'malo mwa 260,000. Ndikulemba izi chifukwa tikamatamanda dzina limodzi timaiwala mazana aja amene anajambula mwala uliwonse wa ku Siofra. Dayilekitala ndimamuyeza ndi mmene amasungira anthu amenewo, osati ndi gemu yokha.

Madzulo mphwanga anafunsa kuti, "Achimwene, ndiye zaka 29 si mochedwa?" Ndinamuyankha kuti kwa a Miyazaki sikunali kuchedwa, koma asaiwale kuti anapeza kampani yowalandira ndi ntchito imene ena onse anaitaya, ndipo si aliyense amapeza ziwirizi. Chimene angatengereko n'choti pofika tsiku limenelo anali atadziwa kale chimene akufuna kupanga, moti atapatsidwa mpata sanayambe kufunsa kuti anthu akonda chiyani.

Tagwirizana kuti mawa tiyamba Dark Souls yoyamba, ija anaikonzanso mu 2018, kuti aone kumene maganizo ambiri a mu Elden Ring anakhwimira. Ndamuletsa kufufuza chilichonse pa intaneti, makamaka za chikepe cha ku Undead Parish ndi kumene chimakatera. Ndikufuna akachikwere asakudziwa.