Magazi akapanikiza mtsempha wa msana

Wodwala akati msana wamubaya mwadzidzidzi, kenako miyendo n'kuyamba kulemera, choyamba timalemba nthawi imene kufookako kunayamba. Magazi akatayikira m'ngalande ya mafupa a msana n'kuundana alibe kopita, amangofinya mtsempha waukulu wodutsamo. TB ya msana imatenga masabata. Koma vuto la magazi oundanali limakula m'maola.

Timafunsa ngati akumwa warfarin kapena akubayidwa heparin (onsewa ndi mankhwala osungunula magazi), ngati wagwa, komanso ngati anabayidwa jekeseni wa pamsana. Amayi obereka pa opaleshoni amatha kuphonyedwa mosavuta, poti aliyense amati "ndi mankhwala a dzanzi aja". Koma pakatha maola 4 chibayidwire jekeseni wa pamsanayo, mayi ayenera kumakweza mwendo wowongoka. Akalephera, kapena dzanzi likabweranso litatha kale, adokotala aitanidwe pompo, osadikira raundi ya mmawa.

Mphamvu ya mwendo uliwonse timaipatsa nambala, kuchoka pa 0 (sukugwedera n'komwe) kufika pa 5 (mphamvu zonse zilipo). Kenako timakhudza khungu kuyambira kuphazi kukwera mpaka wodwala atati "apo ndamva", n'kujambula mzere ndi cholembera pakhungu pomwepo, nthawi pambali pake. Mzerewo timautchula ndi nambala ya gawo la msana: ukakhala pamchombo ndi T10, pansonga za mabere ndi T4. Wolowa ntchito usiku akaupeza utakwera, sasowa womuuza. Chikhodzodzo chikadzaza wodwala osamva, timaika paipi ya mkodzo.

Mankhwala osungunula magazi timaimitsa, n'kutumiza magazi kukayeza INR (muyeso wa mmene magazi akuchedwera kuundana) ndi mapulateleti (tizigawo ta magazi tothandiza kuundana). Wa warfarin amalandira vitamini K 5 mpaka 10 mg mumtsempha, koma yekhayo amachedwa, choncho timaonjezera plasma (gawo lamadzi la magazi) pafupifupi 15 ml pa kilogalamu. Wa heparin amalandira protamine, mankhwala othetsa mphamvu ya heparin.

X-ray saonetsa magaziwa. MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi ndi maginito, ndiyo imaonetsa bwino pamene ali ndi kutalika kwake. Achipatala chaching'ono asataye nthawi kujambula mafupa: aimbe foni ku Kamuzu Central Hospital, atumize wodwala atagona, asadyenso kanthu, kalata ikhale ndi nthawi zonse zimene zinalembedwa zija.

Ku fiyeta amachita laminectomy: amachotsa kachigawo ka fupa kumbuyo, kutsuka magazi oundanawo, kuletsa pomwe pakutuluka. Ikachitika m'maola 8 mpaka 12 mwayi woyendanso umakhala waukulu, makamaka kwa amene zala za kuphazi zikugwederabe. Wodwala amene mphamvu yayamba kubwerera yokha nthawi zina timangomuyang'anira, kumuyeza pafupipafupi.

Atatuluka ku fiyeta, timaphunzitsa gadiyani kumutembenuza maola 2 aliwonse kupewa zilonda, ndipo fizo imayamba msanga. Tsiku loyambiranso warfarin amagwirizana dokotala wa opaleshoni ndi amene anamulembera mankhwalawo.