Kagalimoto kanga kayambanso kukoka

Abale, mwezi wonsewu kagalimoto kanga kamangofooka pamsewu wa Kamwendo kupita ku Mchinji boma, utsi ukununkha ngati mazira owola. Amakaniko atalumikiza kompyuta, inaonetsa nambala ya vuto, P0420. Akuti catalytic converter (chipangizo cha pa ekizozi chochepetsa poizoni wa mu utsi) yatha, timabowo tam'kati tatsekeka.

Atanditchulira mtengo wa yatsopano yeniyeni ndinangoseka. Paja m'kati mwake muli platinum, palladium ndi rhodium, n'chifukwa chake imadula chonchi. Wina anati tingoigumula m'katimo. Ndinakana, utsi umenewo azipuma ndi ana anga omwe.

Tagula ya universal (yokwanira pa magalimoto osiyanasiyana) ku Lilongwe, aiwotcherera pa ekizozi. Yakaleyo sindinaisiye pagalaja ayi, ogula zitsulo anaitenga, kandalamako kanandipepuza. Tasinthanso mapulagi, poti petulo wosapsa bwino ndiye anapha yakale ija.