Zimene ndinapeza nditatumidwa kukawerenga alangizi a zaulimi

Chaka chino aphunzitsi athu a phunziro la ulangizi anatipatsa ntchito yomwe poyamba ndinaiona ngati yopepuka. Anati aliyense alembe za anthu ogwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi m'Malawi muno: alipo angati, ndi a msinkhu wanji, amuna ndi angati akazi ndi angati, anaphunzira mpaka pati, nanga amalandira zotani. Ine ndinkaganiza kuti ndikhala masiku awiri m'laibulale, ndikopere manambala, ndijambule tebulo, basi yatha. Koma ntchitoyi inagwera nthawi imodzi ndi masabata asanu ndi limodzi omwe tinatumizidwa kukaphunzira ntchito kumudzi, ndipo zomwe ndinawerenga zinakumana ndi zomwe ndinaona ndi maso. Kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhazikike.

Pa pepala zonse ndi zolongosoka. Unduna wa zaulimi unagawa dziko m'zigawo zisanu ndi zitatu zotchedwa ADD: Karonga, Mzuzu, Kasungu, Salima, Lilongwe, Machinga, Blantyre ndi Shire Valley. Pansi pake pali maboma 28, m'maboma muli madera a ulangizi otchedwa EPA pafupifupi 200, ndipo EPA iliyonse inadulidwa m'masekishoni. Sekishoni iliyonse imayenera kukhala ndi mlangizi wakewake. Malipoti ambiri omwe ndinawerenga amanena kuti m'madera ochuluka mlangizi mmodzi akusamalira mabanja a alimi oposa 2,000, kwina mpaka 3,000. Nambala imeneyi ndinailemba mu kope langa n'kuidula mzere kunsi, koma sindinaimve mumtima kufikira tsiku lomwe ndinalowa mu ofesi ya EPA yomwe ananditumiza, m'chigawo chapakati.

Pa khoma panali bolodi lakale. Kumanzere analemba maina a masekishoni ndi penti, kumanja maina a alangizi ndi choko. Dzina lina linalipo kawiri, lina katatu. Ndinafunsa ngati analakwitsa polemba. Bambo amene ndinapatsidwa kuti ndiziyenda nawo anamwetulira n'kundiuza kuti, "Ayi mwana wanga, dzina lili katatulo ndi langa." Mnzawo wina anamwalira, wina anapuma pa ntchito, ndipo m'malo mwawo simunabwere munthu. Choko chija chinali chitafufutidwa n'kulembedwanso kambirimbiri moti mbali imeneyo ya bolodi inali yotuwa.

Bambowa anayamba ntchito nthawi ya Kamuzu, mawu akuti mchikumbe adakali ndi ulemu wake. Atsala pang'ono kukwanitsa zaka 60, msinkhu wopumira pa ntchito m'boma. Anzawo ambiri mu ofesi ija analinso a imvi, kenako panali achinyamata ochepa olembedwa posachedwa, ndipo pakati pa magulu awiriwa panali phompho. Anthu a zaka za m'ma 40, omwe akanayenera kulandira ntchito kwa akuluakuluwa n'kuphunzitsa obwera kumene, ndi amene anali osowa. Phompho limeneli linabwera chifukwa panadutsa zaka zambiri boma lisakulemba alangizi okwanira kulowa m'malo mwa ochoka. Pamene kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo anthu 17.5 miliyoni, ambiri mwa ife achinyamata ndipo oposa 80 pa 100 alionse okhala kumudzi, anthu otiphunzitsa kulima akukalamba ndi kuchepa.

Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi zimene munthu ngati ameneyu wasunga m'mutu. Tikuyenda pa njinga ankandilozera kuti munda uwu umadikha madzi mvula ikachuluka, mudzi uwu sungayambe msonkhano usanapite kukalonjera a nyakwawa, banja ili linakana kubzala kwa Sasakawa zaka zitatu kufikira mlamu wawo atakolola. Kubzala kwa Sasakawako, mbewu imodzi pa phando, masentimita 25 kuchoka phando kufika phando, mizere yotalikirana masentimita 75, zimenezi tonse timaloweza m'kalasi. Kudziwa kuti ndi ndani m'mudzi amene akavomera ena onse atsatira, zimenezo palibe buku lomwe ndinazipezamo. Bambo aja ali ndi kope la chikuto cholimba, lakuda ndi thukuta, momwe analemba tsiku lomwe mvula yobzalira inagwa chaka chilichonse m'masekishoni awo, ndi tsiku lomwe anaona koyamba mbozi zija zinavuta mu 2017 zikudya mtima wa chimanga. Ndinawafunsa kuti akapuma kopelo alisiyira ndani. Anangoliika m'chikwama osayankha.

Za akazi ndilembapo motalikirapo chifukwa inenso ndine mkazi. Mu ofesi ija akazi anali owerengeka, ndipo omwe analipo ankagwira m'masekishoni oyandikira msewu. Poyamba zinandikwiyitsa, ndinkati ndi kukondera kapena ulesi. Nditapita kukaona nyumba ya mlangizi ku sekishoni yakutali ndinatseka pakamwa. Malata anali obooka, chitseko chosakhomeka bwino, mjigo uli patali, chipatala chili kutsidya la mtsinje womwe dzinja sawoloka. Mayi wa mwana wamng'ono, mwamuna wake akugwira ntchito m'tauni, angakhale bwanji pamenepo yekha? Kale atsikana ambiri olowa ntchito ya ulangizi ankaphunzitsidwa za pakhomo, kuphika, kusoka ndi kasamalidwe ka banja, pamene za mbewu ndi ziweto zinali za amuna. Masiku ano ku sukulu za zaulimi za Bunda ndi NRC (Natural Resources College), zomwe pano zili pansi pa yunivesite ya LUANAR, atsikana timaphunzira zofanana ndi anyamata, koma nyumba ndi mayendedwe a kumudzi zidakali zokonzedwera mwamuna wokwera njinga yakapalasa.

Chonsecho oposa theka la ntchito ya m'munda m'dziko muno amagwira ndi akazi. Ndinaziona pa msonkhano wina pansi pa mtengo wa mango. Bambo mlangizi atafunsa ngati pali mafunso, amuna okha ndi amene anayankhula. Msonkhano utatha amayi atatu ananditsatira kuseri, wina n'kundigwira chitenje, "Achemwali, tafunsani m'malo mwathu." Funso lawo linali la nandolo ndi mtedza zomwe zinkafumbwa m'matumba, ndipo wina ankafuna kudziwa ngati angathire mankhwala a thonje omwe anatsala. Funso loopsa chonchi likanapita kunyumba osafunsidwa ndikanapanda kukhalapo, osati chifukwa ndimadziwa zambiri, koma chifukwa ndinavala chitenje ngati iwo.

Tsopano za malipiro. Aphunzitsi ankafuna nambala, ndipo m'boma malipiro amayendera magiredi, wa dipuloma amayambira pansi poyerekeza ndi wa digiri. Koma ndinazindikira kuti nambala ya pa pepala la malipiro imabisa zambiri. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mtengo wa sopo, mafuta ndi matayala a njinga sunadikire kuti malipiro akwere kaye. Mlangizi wa kumudzi amatulutsa m'thumba mwake zinthu zomwe mnzake wa mu ofesi ya m'tauni satulutsa: kukonzetsa njinga, mayunitsi oimbira alimi, kabaza wopitira ku boma kukatapa malipiro omwewo ku banki. Tsiku lina tcheni cha njinga ya bambo aja chinaduka tili pakati pa ulendo. Anachilumikiza ndi waya, manja ali bii, tinafika mochedwa ndi ola lathunthu, alimi ena atabalalika. Ndalama ya tcheni chatsopano inachoka pa ndalama ya ndiwo.

Sabata yomweyo kunabwera mnyamata wa bungwe lina lomwe si la boma, pa njinga yamoto yatsopano, chipewa cholimba kumutu, tabuleti m'chikwama. Dipuloma yake ndi yofanana ndi ya achinyamata a mu ofesi ija. Sindikumunena, ankagwira ntchito yake bwino ndipo anali waulemu. Koma kuti apeze alimi anadalira bambo a tcheni choduka aja. Kuchokera pomwe boma linakhazikitsa ndondomeko ya 2000 yolola kuti ulangizi uziperekedwa ndi mbali zambiri, mabungwe ndi makampani, kuphatikizapo a fodya omwe ali ndi alangizi awoawo, akhala akutenga anthu ophunzira bwino. Ubwino wake ulipo. Vuto ndi lakuti pulojekiti imakhala zaka zitatu kapena zisanu n'kutha, imasankha midzi yomwe ikufuna, ndipo yotsala yonse imabwerera kwa mlangizi wa boma.

Apa ndi pomwe nkhani ya ma alawansi imalowera. Ndinkamva anthu akunyoza kuti alangizi amangothamangira misonkhano ya alawansi, inenso ndinkavomereza. Pano ndimaona kuti malipiro akakhala osafika pa 20 mwezi, msonkhano wa masiku awiri ku boma umasanduka fizi ya mwana. Munthu sungamuimbe mlandu posankha fizi. Koma zotsatira zake ndi zoipa ndithu, chifukwa ntchito yomwe ili ndi alawansi ndi imene imagwiridwa msanga, ndipo kuyendera munda wa mayi wamasiye, komwe kulibe wosainitsa pepala, kumadikira. Ndinalemba zimenezi momwemu mu ntchito yanga ngakhale ndinkaopa kuti aphunzitsi aziona ngati ndikunyoza ntchito yomwe ndikuiphunzira.

Nditayang'ana bajeti ndinadabwanso. Mu 2003 maiko a mu Africa anagwirizana ku Maputo kuti aziika 10 peresenti ya bajeti ku ulimi, ndipo Malawi ndi limodzi mwa maiko omwe akhala akufikira mlingo umenewu zaka zambiri. Koma gawo lalikulu la ndalamazo lakhala likupita ku zipangizo zotsika mtengo, kuyambira makuponi a 2005 mpaka ndondomeko ya AIP ya 2020. Sindikutsutsa feteleza, kwathu tinadyapo nsima ya makuponi. Chondiwawa ndi chakuti nyengo yolemba maina a olandira ikafika, mlangizi amasanduka kalaliki ndi woweruza milandu, pa nthawi yomwe alimi akukonza minda ndipo akumufuna kwambiri. Thumba la feteleza limafika, koma munthu wofotokoza kuti athire liti, motani, pa nthaka yotani, ali pa mzere wa madandaulo.

Pali gulu lina lomwe silinali pa tebulo la aphunzitsi, alimi otsogola. Iwo salandira malipiro. Ndinayenda tsiku lonse ndi mayi wina wotemera nkhuku ku chitopa. Kabotolo ka katemera wa I-2 anakakulunga m'kansalu konyowa n'kukaika m'kadengu kuti kasatenthe. Pakhomo lililonse ana ankagwira nkhuku, iye n'kudontheza dontho limodzi m'diso, n'kudikira kuti lilowe asanaitaye. Kandalama kochepa komwe eni nkhuku amapereka ndi kogulira botolo lina, ndipo ena ankalonjeza kuti apereka akagulitsa mazira. Dzuwa likupendeka anali asanalowe m'munda mwake. Ntchito yomwe masekishoni opanda alangizi akupumirapo ili pa msana pa anthu ngati mayi ameneyu, ndipo powerenga ogwira ntchito ya ulangizi sitiwawerenga n'komwe.

Pomaliza tebulo langa linatuluka losiyana ndi lomwe anatipempha. Ndinawonjezera mizati itatu: mtunda wochoka pomwe mlangizi amagona kufika kumudzi wake wakutali, chomwe amayendera, ndi zaka zomwe zamutsalira kuti apume. Aphunzitsi analemba m'mbali ndi cholembera chofiira kuti ndikawaone ku ofesi. Nditapita sanakambe za malikisi. Anandifunsa kuti, "Nanga inuyo mukamaliza, mudzapita kuti?"

Ndinalephera kuyankha. Amayi anagulitsa mbuzi ndi soya kuti ndifike pano, ndipo ang'ono anga awiri akuyang'ana kwa ine. Ntchito ya bungwe ikapezeka, ya njinga yamoto ndi malipiro okwanira, sindinganame kuti ndidzaikana. Komabe nkhope za amayi atatu aja sizikundichoka. Ndapempha kuti tchuthi chikubwerachi ndibwerere ku EPA yomweija nthawi yobzala, ndipo bambo aja avomera pa foni. Ndagula kope la chikuto cholimba. Ndawauza kuti madzulo alionse tikaweruka ndizikopera masiku a mvula aja, sekishoni ndi sekishoni, asanapume chaka chamawa.