Mwala umene unandilipiritsa nkhuku

Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti mphepo ya mwera sichita nthabwala pa nyanja ya Malawi, ndipo n'chifukwa chake gulu lathu la anthu odzipereka kupulumutsa anzathu pamadzi limaphunzira ntchito yake m'nyengo imeneyi, osati nthawi ya bata. Tinkaphunzirira pa gombe lina la pakati pa Mangochi boma ndi Monkey Bay, ndipo mphunzitsi wathu anali bambo wachikulire amene anagwira ntchito m'sitima zaka zambiri. Munthu akayamba chibwana m'boti, iwo ankamukumbutsa za sitima ya Vipya, imene inamira mu 1946 ndi kupha anthu 145, n'kumuuza kuti akawerenge yekha chikumbutso chake pafupi ndi nsanja ya wotchi paboma.

Phunziro la tsikulo linali la kupulumutsa bwato limene mafunde alikankhira kumiyala. Boti lopulumutsa silithamangira kumiyalako mwachindunji, chifukwa likatero opulumutsa amangowonjezera chiwerengero cha ofuna kupulumutsidwa. Limayamba lapita kumene mphepo ikuchokera, n'kutsitsa nangula, kenako limabwerera chafutambuyo pang'onopang'ono, mphuno yake itayang'ana mafunde, wina akumasula chingwe kufikira kumbuyo kwa boti kutayandikira anthu ovutikawo. Aphunzitsi ankanena mobwerezabwereza kuti nangula saponyedwa koma amatsitsidwa, kuti tcheni chisaunjikane pamwamba pake. Kuti nsonga ya chingwe imangidwe kuboti nangula asanakhudze madzi. Kuti phazi lisaponde m'kati mwa chingwe chokulungidwa. Ndiponso kuti chingwe chitalike kasanu kuposa kuya kwa madzi, kotero pa mamita 4 pamafunika mamita 20, kuti nangula akokedwe chogona ndipo mano ake alowe pansi.

Zonsezi ndinazichita bwino, ndipo ndikufuna kuti zidziwike, popeza anzanga akamasimba nkhaniyi gawo ili amalidumpha.

Inatsala ntchito imodzi yokha, yotsimikizira kuti nangula wagwira. Munthu wa kumphuno amasankha zinthu ziwiri za kumtunda, china chapafupi china chakutali, zimene zili pamzere umodzi ndi diso lake. Zikakhalabe pamzere, boti laima. Zikayamba kutalikirana, nangula akukhwekhwereka. Ine magalasi anga a maso ndinali nditawasiya m'thumba la malaya pagombe, chifukwa ndinawagula modula ndipo sindinafune kuti akavalidwe ndi kampango. Ndinayang'ana kumtunda madzi akundithovokera kumaso, ndipo ndinaona mtengo wa mlambe pachitunda, ndi mwala woyera, wozungulira bwino, pamchenga. Ndinatambasula mkono, n'kuloza mwalawo ndi chala monga anatiphunzitsira.

"Achimwene, nangula wagwira?" anafuula aphunzitsi ali pa injini.

"Wagwira, aphunzitsi! Mwala ndi mlambe zili pamzere!"

Dzanja langa lamanzere linali pa chingwe, ndipo ndinamva chikunjenjemera ndi kudumphadumpha. Tinaphunzitsidwa kuti chingwe cha nangula wogwira chimakungika n'kukhala chete, pamene cha nangula wokhwekhwereka chimanjenjemera. Koma unali mmawa wa mwezi wa Julayi, ine ndinali nditanyowa mpaka m'kati mwa jekete yoyandamitsa, ndipo ndinagamula kuti wonjenjemera ndine. Ndiponso munthu angakayikire bwanji mwala?

Patapita kanthawi aphunzitsi anafunsanso, mawu awo atasintha pang'ono, ndipo ine ndinayankha molimba mtima kuti zonse zili pamzere. Asodzi awiri amene tinawapempha kuti akhale m'bwato pafupi ndi miyala ngati anthu ongozi anayamba kukweza manja ndi kukuwa, ndipo ndinayamikira mumtima kuti anthuwa akusewera gawo lawo mwaluso. Ndinadabwa pang'ono poona kuti tikuwadutsa chapatali m'malo mowayandikira, koma ndinaganiza kuti ndi iwo amene akutengedwa ndi madzi. Mnzanga wa pakati pa boti anandikodola n'kunena kuti phiri likuyenda. Ndinamuuza kuti asandisokoneze, chifukwa ine ndinapatsidwa mwala ndi mlambe, za phiri si zanga.

Kenako mwala unaimirira.

Unaimirira, unadziwongola msana, unakonza kachipewa kumutu, n'kuika manja m'chiuno. Anali agogo ena ovala mkanjo woyera, amene anayala ukonde wawo wautali pamchenga ndipo ankautsatira chowerama, kufufuza pobooka, akusunthira mbali yomweyo imene mwera unkatikankhira, paliwiro lofanana ndi lathu ngati tinapangana. Ndisanatsegule pakamwa, kumbuyo kwa boti kunalowa m'bango, injini inakulunga zomera za m'madzi n'kuzima, ndipo funde linalowa m'boti n'kukhazika aphunzitsi pansi m'madzi ofika m'chiuno. Sanalankhule kanthu. Anangondiyang'ana, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

Titakoka nangula tinapeza chifukwa chake sanagwire. Mano ake onse anali atakulungidwa ndi chidutswa cha neti yakale ya udzudzu, imene wina anaphera usipa n'kuitaya, ndipo m'netimo munali matope, ndere ndi patapata mmodzi wa mwana. Nangula wotere amangotsetsereka pansi ngati thumba la madeya. Pamenepo n'kuti asodzi athu ongozi aja atapalasa bwato lawo kudzatipeza. Anatiponyera chingwe mwaukatswiri, mmene ife tinayenera kuwaponyera iwo, ndipo anatikokera pagombe anthu onse oyanika usipa pamathandala akuonerera. Mmodzi wa asodziwo anafunsa mwaulemu ngati ndalama imene tinawalonjeza ikhala yomweyo, popeza ntchito yasintha.

Ine ndinkaganiza kuti manyazi athera pamenepo, koma agogo aja anali akundidikira pamchenga, singano yosokera ukonde ili m'manja.

"Mwanawe, ndiwe wa kwa yani?" anafunsa. "Kuyambira dzuwa lili apo wakhala ukundiloza chala osatsitsa mkono. Ndinakudyera chiyani? Kapena ukufuna anthu pamudzi pano aziti ndine mfiti?"

Ndinagwada n'kuyesa kufotokoza za mzere, za mlambe ndi za magalasi, ndipo pofuna kuwatsimikizira kuti panalibe chipongwe ndinati, "Pepani agogo, ine sindinkaloza inu, ndinkakuyesani mwala." Anthu amene anatizungulira anati kakasi, kenako mayi wina anagwa pansi ndi kuseka. Agogo anatembenukira kwa aphunzitsi n'kunena kuti poyamba mlandu unali umodzi, tsopano yakwana iwiri.

Nkhani inakambidwa pansi pa mtengo masana omwewo, ndipo akuluakulu anagamula kuti ndipereke nkhuku. Ndinagula tambala pamsika n'kukamupereka ndi manja awiri. Agogo anamuyeza m'manja, anati ndi wopepuka koma amulandira, ndipo anawonjezera kuti ngati gulu lathu lidzawafunanso Loweruka likubwerali kuti akhale chizindikiro, tiwauziretu, adzakhala malo amodzi osasuntha, koma mtengo wake udzakhala thadzi.